Bulauzi ya Lachiwiri

Makina a mayi anafika kwanga pa matola, atakulungidwa m'bulangete lakale, patapita miyezi itatu chiikireni maliro awo. Pogawana katundu panalibe amene anawalimbirana. Achimwene anatenga njinga, mng'ono wanga anatenga mapoto ndi kabati, ine makinawo anangondikankhira chifukwa azakhali anakumbukira kuti ndili mwana ndinkakonda kukhala pansi pake n'kumaseweretsa chopondera. Ndi makina akuda aja a Butterfly, opangidwa ku Shanghai, okhala ndi maluwa agolide amene anafufutika pamalo pomwe dzanja la mayi linkatsamira. Anakhala pakona pabalaza zaka ziwiri atavundikiridwa ndi kansalu koluka, pamwamba pake pali maluwa apulasitiki. Alendo ankangowayesa tebulo.

Ndikanakonda kunena kuti chimene chinandichititsa kuwavundukula ndi kukumbukira mayi, koma lingakhale bodza. Inali nkhani ya m'khwapa.

Ine ndine wamfupi, wa chifuwa chachikulu koma mapewa aang'ono. Mayi aliyense wa thupi lotere amaidziwa nkhondo ya pa kaunjika. Umalawirira Loweruka m'mawa belo litangodulidwa kumene, n'kulimbana ndi anzako pamulu, mpaka wapeza bulauzi yoti mtima wagwa. Ukaiika pachifuwa, mnyamata wogulitsa ali: "Yakukhalani mayi, ngati anasokera inu nomwe." Chikomekome cha mkuyu. Ukafika kunyumba, pakati pa mabatani a pachifuwa pali yasa, uku mapewa akulendewera ngati wabwereka malaya a amuna ako. Ukati ugule yokulirapo kuti pachifuwa pakwane, m'khwapa mumatsika mpaka m'nthiti. Ine ndimaphunzitsa ana a Sitandade 6, ndipo tsiku lonse dzanja langa limakhala m'mwamba pa bolodi. Kwa zaka zambiri ndinkayenda ndi kapini pakati pa batani lachiwiri ndi lachitatu, chigongono chili chomatirira kunthiti, ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti cholakwika ndi thupi langa.

Wina afunsa kuti nanga atelala onse ali m'makondemu ntchito yawo n'chiyani. Funso n'labwino, koma taonani mmene timachitira. Kwa telala timapita ndi nsalu ya chinkhoswe, ya ukwati, ya phwando la mkwatibwi, yunifolomu ya ana sukulu ikamatsegulidwa, bulauzi yoyera ya Mvano kapena Chigwirizano. Zonsezi ndi zovala za tsiku lalikulu. Koma bulauzi ya Lachiwiri, yongovala popita kuntchito, kumsika, kuchigayo, kapena kukazonda wodwala, ndani amaisoketsa? Chitenje tinachisandutsa cha pamwambo ndi chomanga m'chiuno, masiku ena onse tinawapereka ku kaunjika. Chifukwa chake sichobisika: nthawi zambiri ndalama yosoketsera yokha imaposa mtengo wa bulauzi yonse ya pamulu. Ndiponso dzanja la telala linazolowera za pamwambo. Ukamuuza kuti ukufuna chinthu wamba, chopanda zokhwinyata m'mapewa, amakuyang'ana momvera chisoni, kenako n'kukuwonjezerabe kanthu kena pakhosi kuti usachoke manja lende.

Nthawi ya mayi sizinali chonchi. Nsalu inkachokera ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, thonje lake lolimidwa konkuno, ku Chikwawa, ku Balaka, ku Salima. Mayi akalandira ndalama ya mtedza ankakwera basi kukagula mamita angapo m'masitolo a amwenye, n'kutisokera tonse zofanana, moti kutchalitchi munthu sankafunsa kuti awa ndi ana a yani. Kusoka anakuphunzira ku homukulafuti, kumene amayi ankaphunzitsidwa zophika, zoluka ndi zosamalira pakhomo. Podula sindinawaonepo ndi pepala. Ankayala nsalu pamphasa, n'kuikapo diresi lakale, n'kuyeza ndi zala: ziwiri apa, zinayi apo chifukwa mwana akukula. Muyeso umodzi wokha ndi umene sankaukambirana ndi munthu, ndiwo kutalika. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linkaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi osaphimba mawondo, ndipo ngakhale linathetsedwa dziko likulowa m'ndale za zipani zambiri, m'manja mwa mayi linakhalabe mpaka imfa yawo. Siketi iliyonse yotuluka pa makina aja inkafika pakatumba.

Ine luso la zala lija ndinalibe, choncho ndinafuna pepala. Ndinalipeza pakhonde la sitolo m'tauni, kwa anyamata ogulitsa mabuku akale: magazini ya Burda ya ku Germany, yothimbirira, koma pepala lake lalikulu la mapatani likadali pakati. Amene sanalionepo pepala limeneli sangamvetse. Ukalitambasula limadzaza tebulo, ndipo pamenepo pali mizere yofiira, yakuda, yobiriwira ndi yabuluu, yopingasana ngati njira za mbewa m'munda wa mtedza. Zovala zambirimbiri, masaizi onse, pa pepala limodzi. Umasankha mzere wako n'kuutsatira osaphethira. Ndinayala nyuzipepala pansi pake, n'kumaboola ndi pini motsatira mzere wofiira, kabowo ndi kabowo, mpaka khosi linauma. Kenako ndinalumikiza timabowoto ndi cholembera n'kudula. Mbali yakutsogolo, yakumbuyo, mkono. Ndinadziona ngati injiniya.

Chitenje ndinali nacho kale, chimene mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Chipata, chobiriwira cha masamba achikasu, chimene ndinkachisunga m'sutikesi podikira tsiku loyenera. Ndinachidula madzulo a Lachisanu, mtima uli m'mwamba. Pofika Lamlungu masana bulauzi inali itatha. Ndinalowetsa mutu, ndinalowetsa mikono, basi zinthu zinaima pomwepo. Kutsika ayi, kukwera ayi. Ndinaima pakati pa chipinda mikono ili m'mwamba ngati wogwidwa ndi achitetezo, nkhope ili m'kati mwa nsalu, ndikuitana mwana wanga wamkazi ndi mawu otsamwa. Anabwera, anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anakoka. Msoko wa m'khwapa unati phwee.

Safunsa anadya phula. Mapatani a m'magazini imeneyi amajambulidwa pamzere weniweni wosokapo, osasiyako nsalu ya msoko. Wodula ndiye amayenera kuwonjezera yekha sentimita imodzi ndi theka m'mbali monse. Zinalembedwa ndithu, koma m'tizilembo ting'onoting'ono timene ndinatidumpha pothamangira zithunzi. Werengani nokha: misoko ya m'mbali ndi iwiri, uliwonse umadya nsalu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, ndiye kuti masentimita 6 anasowa kuzungulira chifuwa. Komanso chitenje si juzi. Sichitamuka, sichikhululuka, chimangopereka zimene unachipatsa.

Ndinakhala milungu iwiri osayang'anako. Kenako ndinaika bulauziyo ndi mapepala anga m'jumbo n'kupita kwa telala wina wachikulire amene amakhala pakhonde la golosale pafupi ndi msika wathu. Ndinkaopa kuti akhumudwa, poti munthu wofuna kudzisokera ali ngati akulanda nsima pakamwa pa telala. Iwo anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, anatembenuza bulauziyo kunja kukhala m'kati, n'kuyendetsa chala pamsoko.

"Mwasoka nokha, mayi?"

"Eya, bambo."

"Mzere wanu ndi wowongoka. Makina mumawatha. Koma munthu amene munamusokerayu sindikumudziwa."

Anatenga tepi imene inali m'khosi mwawo n'kundipatsa kuti ndidziyeze ndekha, iwo akuloza: pamwamba pa chifuwa, kudutsa m'khwapa, pachifuwa penipeni, kuchokera paphewa kufika m'chiuno, kuchokera phewa ili kufika linalo. Manambala ankawalemba ndi choko pathabwa la makina awo. Atatha anati, "Inu munasankha saizi poyang'ana chifuwa. Malaya mwini wake ndi phewa. Phewa likakhala, zinazo timakambirana." Anandiuza kuti ndijambulenso patani yocheperako, yolingana ndi mapewa anga. Nditabwera nayo, anatenga sizasi n'kuicheka mbali yakutsogolo kuchokera m'munsi kulunjika pansonga ya bere, n'kuchekanso kuchokera m'mbali, n'kuitambasula pang'ono ngati akutsegula mlomo wa nkhuku. Pampata umene unatsegukawo anamatapo kachidutswa ka pepala. Dati, kapindiko ka m'mbali mwa chifuwa, linakula, kutsogolo kunatalika pang'ono, koma khosi, phewa ndi m'khwapa zinakhala momwemo. Ntchito yonseyo sinatenge mphindi khumi. Ndinawafunsa kuti ndilipire zingati, anati ndikagule Fanta.

Ndili m'minibasi pobwerera, pepala lili pamwendo, ndinayamba kuganiza za mayi amene telala uja anati sakumudziwa. Ndi yani? Kale zovala zambiri zinkasokedwa poyeza munthu mmodzimmodzi. Mapatani a pepala ogulitsa m'masaizi osiyanasiyana anawatchukitsa ndi telala wa ku America, Ebenezer Butterick, kuyambira mu 1863, ndipo kuti zimenezi zitheke panafunika kupeka munthu wapakatikati, n'kumamukulitsa ndi kumuchepetsa mofanana mbali zonse. Mayi wa m'mapatani wamba a Burda ndi wotalika masentimita 168. Ine ndine 153. Chiuno chake chili pamene ine payambira mbina. Mafakitale osoka zovala nawonso ali ndi mayi wawo wotere, ndipo bulauzi iliyonse ya pa kaunjika inadulidwa pa iyeyo, n'kuvalidwa ndi mayi winanso amene mwina nayenso sinamukhale, n'chifukwa chake anaitaya. Zaka zonse zija ndinkapanikiza mimba, ndikudziimba mlandu pagalasi chifukwa chosafanana ndi munthu amene sanabadwepo. Tepi ilibe chipongwe. Imangonena nambala, ndipo nambalayo umaipititsa pa pepala, pepala n'kugonja.

Bulauzi yachiwiri sindinaiyambe pa chitenje. Ndinagula nsalu ya pabedi yakale, pa kaunjika pomwepo, n'kuyeserapo. Inatuluka yonyansa, ya timaluwa tofiirira tosuluka, koma nditaivala ndinakweza mikono yonse iwiri m'mwamba, n'kuizunguza ngati ndikuvina chimtali, ndipo palibe chinathina, palibe chinayasama. Ndinaima pagalasi nthawi yaitali kuposa mmene mayi wa msinkhu wanga amayenera kuimira.

Zotsatira zake ndinaziphunzira pang'onopang'ono, zambiri mwa kulakwitsa. Chitenje chatsopano chimakhala chouma ndi sitachi, ndipo chikachapidwa koyamba chimafewa n'kubwerera pang'ono, choncho umayamba wachichapa ndi kuchisita usanachidule. Ukapanda kutero bulauzi imakukwana tsiku limodzi lokha. Simbi ndi theka la ntchito. Msoko uliwonse ukangosokedwa umafuna kusitidwa usanakumane ndi unzake, ndipo bulauzi yosokedwa popanda simbi imadziwika patali, imaoneka yotupa ngati mandasi. Patani imayalidwa motsatira mphepete mwa nsalu, muja mumalembedwa dzina la fakitale, apo ayi chovala chimapotoka chikachapidwa, msoko wa m'mbali n'kumabwera pamchombo.

Koma chimene palibe magazini ya ku Ulaya ingakuphunzitse ndi maluwa a chitenje. Nsalu zawo zambiri ndi za timaluwa ting'onoting'ono kapena mtundu umodzi, pamene chitenje chimabwera ndi zinthu zikuluzikulu: mpendadzuwa wonga mbale ya nsima, nsomba, mawilo, maso. Chitenje chimodzi ndi mamita awiri, m'lifupi kupitirira mita pang'ono, ndipo bulauzi ya mikono yaifupi imatulukamo bwinobwino, koma pokhapokha maluwa akalola. Umayendetsa pepala uku ndi uku, kuopa kuti mawilo awiri angagwere pamabere ndendende, kapena mbalame zingaime chadodolido kumsana. Ndinaonapo mayi wina pamsonkhano atavala diresi la nsalu ya chipani, nkhope ya mtsogoleri wake ili pamalo okhalira, moti akakhala pansi ankamukhalira. Kaya telalayo anali wa chipani china, kaya analibe nsalu yokwanira, amadziwa ndi iye. Ine tsopano ndisanagwire sizasi ndimadzikulunga nsaluyo pagalasi, n'kuika choko pamene duwa lisafike.

Makina akudawa amadziwa msoko umodzi wokha, wowongoka. Zigizagi alibe, ovaloko alibe, mabowo a mabatani satha. Poyamba ndinkaona ngati ndi umphawi, n'kumasirira amagetsi amene ndinkawaona pa YouTube. Kenako ndinaphunzira kusoka msoko kawiri, koyamba kunja, n'kudula zotsalira, n'kutembenuza, kachiwiri m'kati, kuti m'mphepete monse mubisike ndipo ulusi usamasosoke. Bulauzi yotero ukaitembenuza imakhala yaudongo ngati kunja komwe. Za mabatani ndinangozisiya. Mabulauzi anga onse ndi olowetsa kumutu, ndipo kapini kaja sindikudziwa kumene kanagwera. Singano ya nambala 14, kadontho ka mafuta pamalo oyenda, kuchotsa fumbi la ulusi pansi pa bobini, basi makina amene anasokera ana asanu akupitabe. Magetsi akazima madzulo, anzanga a makina amakono amapinda manja. Ine ndimakokera anga pafupi ndi zenera kapena kuyatsa nyale ya sola, phazi n'kumapalasa. Pali kamvekedwe kena kamene makinawa amatulutsa phazi likagwirizana ndi lamba, kosathamanga, kosadukiza, ndipo ndikakamva mapewa anga amatsika okha. Ndi phokoso limene ndinkagona nalo ndili mwana, madzulo a pafupi ndi Khirisimasi.

Pa nkhani ya ndalama ndisanamize munthu. Kudzisokera sikutchipa kuposa kaunjika. Ukaphatikiza chitenje, ulusi ndi makala a m'simbi, wadutsa kale mtengo wa bulauzi ya pamulu, osawerengera nthawi. Yoyamba yabwino inanditengera masabata atatu. Tsopano Loweruka limodzi masana limakwana, ngati palibe maliro kapena alendo. Chimene chinasintha ndi chakuti zimene ndasoka ndimazivala mpaka kutha, pamene za pamulu theka lake zinkangodzaza sutikesi podikira kuti ndidzaonde. Chinanso, ndinasiya kunenerera kwa atelala. Kale ndinkalimbana nawo mpaka kutsitsa mtengo ndi theka, n'kuchoka ndikudzitama. Lero ndikudziwa kuti kulowetsa mkono umodzi m'malo mwake popanda khwinya ndi ntchito ya thukuta, ndipo munthu amene amachita zimenezi pakhonde, fumbi likumuwaza, makasitomala akumukalipira za mawa, amalandira zochepa kwambiri.

Maganizo omwewa amandifikitsa patali ndikamawerenga tizikwangwani ta m'khosi mwa zovala za kaunjika. Bangladesh, Cambodia, China. Chovala chilichonse chinadutsa m'manja mwa munthu wokhala pa makina. Palibe fakitale imene nsalu imalowa uku n'kutulukira uko ili malaya popanda zala za munthu. Mu 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh inagwa n'kupha anthu oposa 1,100, ambiri mwa iwo amayi osoka zovala zopita ku Ulaya ndi ku America. Zina mwa zovala zotero ndi zimene zimatipeza kuno zitavalidwa kale, ife n'kumati kaunjika, a ku Zambia salaula, a ku Tanzania mitumba. Sindili m'gulu la amene amati kaunjika aletsedwe mawa. Ndaphunzitsa ana ambiri amene juzi yawo yoyamba ya mwezi wa June inachokera pamulu, ndipo popanda muluwo akanabwera kusukulu akunjenjemera. Ineyo nsapato, majuzi ndi zovala za mwana wanga wamwamuna ndimagulabe komweko. Chimene chimandiwawa n'chakuti m'badwo umodzi wokha wakwanira kuti tiiwale kuti chovala wamba chingathe kuyambira pa thupi la mwini wake. Thonje tikulimabe, makina ali m'makona a nyumba zambiri atavundikiridwa ndi tinsalu toluka, koma ana a m'kalasi mwanga ambiri sanaonepo munthu wa kwawo akudula nsalu.

Tsiku lina ndikufuna bobini, ndinakoka kadirowa kakumanzere ka makinawo mpaka kanatulukiratu. Kumbuyo kwake kunali kapepala kopindidwa kanayi, kofiirira, kodulidwa ku thumba la shuga kapena la simenti. Nditakatambasula ndinapeza kuti ndi mkono wa diresi la mwana, wodulidwa bwino, pamwamba pake pali kuzungulira kuja konga phiri, ndi timabowo ta mapini tambirimbiri m'mphepete. Pakati analembapo ndi pensulo dzina langa, ndi mawu akuti "Std 3". Ndiye kuti mayi aja, amene ndinkati amadula ndi zala zokha, pa mkono ankagonja n'kutenga pepala ngati ine ndemwe. Ankangochita ife titagona. Ndinakhala pansi pa simenti ndi kapepalako, ndipo maliro amene ndinalephera kulira bwino tsiku loika, chifukwa chotanganidwa ndi mapoto a anthu, ndinawalira pamenepo.

Patani yanga tsopano ndinaikopera pa chikatoni cha kalendala yakale kuti isang'ambike, ndipo imapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko. Yatulutsa mabulauzi 11. Ina ndinaisintha khosi kukhala la V, ina ndinaitalikitsa kukhala diresi, ina ndinaiika matumba chifukwa mphunzitsi wopanda thumba choko amachisunga m'manja tsiku lonse. Kawiri konse ndamatapo kachidutswa m'mbali chifukwa thupi lawonjezera, ndipo ndinachita zimenezo popanda kudandaula, monga mmene munthu amasunthira mpanda mbewu zikakula. Anzanga kusukulu ayamba kundifunsa kuti ndiwasokere. Ndimakana, chifukwa ndikudziwa mmene chinthu chokoma chimasandukira ngongole ndi madandaulo. Ndimawauza kuti abwere ndi nyuzipepala ndi tepi, tidzayezane. Awiri anabwera. Mmodzi anapirira.

Chitenje chobiriwira cha ku Chipata chija sichinatayike. Bulauzi yothina ija ndinaimasula misoko yonse, n'kudulamo kabulauzi ka mwana wanga wamkazi, yemwe uja anandiseka. Tsopano ali Fomu 2, ndipo mwezi watha anabwera ndi chithunzi pa foni, akufuna buluku la chitenje, lotambalala m'miyendo, lokhala ndi matumba. Agogo ake sakanalisoka, ngakhale kuliyang'ana kumene. Ine sindinasokepo buluku, ndipo msoko wa pakati pa miyendo ukundiopsa kuposa mmene mkono unkandiopsera. Nsalu tagula kale, yachapidwa, ili pachingwe. Telala uja wati tipite Loweruka m'mawa asanachuluke anthu, titenge nyuzipepala zokwanira, ndipo mwanayo adzagwire yekha sizasi.